Mtsuko wa Mlamu Wanga ndi Mbewa za mu Levitiko

Ine ndine woyambitsa nyimbo. Funsani ku Zingalume konse, funsani pachigayo, funsani ndi kumanda komwe. Ikafika nthawi yotsitsa bokosi, kukhosi kwa anthu kutauma, onse amacheukira kwa ine. Ndikangoti eee kamodzi, amayi amalowa m'mbuyo mwanga ngati anapiye. Nyimbo ndinayamwira, nyimbo ndinakwatiwa nazo, mano akutha m'kamwa ine ndikuyimbabe. Koma malembo, aja okhala duu papepala osatsegula pakamwa, anandidikira mpaka imvi.

Sukulu ndinangoinunkhiza ndili mtsikana. Ndinaphunzira a, e, i, mvula inagwa, amayi anati tenga khasu, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Ndiye amayi abusa atsopano atabwera kwathu n'kunena kuti Lachiwiri masana aziphunzitsa amayi achikulire kuwerenga m'tchalitchi, ndinavina. Ndinavina pakhomo, ndinavina panjira. Ndinapita ku boma kukagula mandala pamsika, aja osankha wekha poyang'ana panyuzi, n'kukakhala pabenchi lakutsogolo. Pambali panga panakhala mlamu wanga.

Mlamu wangayu ndi mkazi wa mlongo wanga wamng'ono. Anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ali kamtsikana, mapazi atang'ambika, atasenza kamphika kopanda kanthu. Makolo ake anapatsidwa malo kuseri kwa dimba lathu. Chitsime ndinamuonetsa ndine. Ndine ndinamuuza kuti awa ndi amalume ugwade, awa samva uziwakuwira, galu uyu amaluma. M'tchalitchi ndinamulowetsa ndine, nyimbo ndinamuika m'kamwa ndine, ngakhale mawu ake ndi aang'ono ngati a njiwa yanyowa ndi mvula. Chimene amatha ndi kuumba. Dothi likafika m'manja mwake limamvera.

Tsono malembo nawonso anamumvera. Mutu wake unali ngati dothi lake lomwe lija, chilembo chikagwapo chimatsalira. Wanga unali thanthwe, chilembo chigwe lero, mawa chatsetsereka. Ine ndikulimbana ndi "nkh" ndi "ntch", thukuta kamukamu, iye wafika kale kumapeto kwa mzere, wapinda manja, akuyang'ana kudenga ngati sanachite kanthu. Kuyang'ana kudengako ndi kumene kunkandipweteka. Bola akanadzitama, ndikanapeza pomugwira.

Titamaliza kubzala chaka chimenecho, amayi abusa anabwera ndi nkhani pa msonkhano wathu wa amayi wa Lachinayi. Anati tikadzakolola kudzakhala msonkhano waukulu wa amayi ku Pembamoyo, matchalitchi onse a kuno adzasonkhana, ndipo ife tapatsidwa kuti mmodzi wa amene aphunzira kuwerenga atakalamba adzaime kutsogolo n'kuwerenga Mawu. Mmodzi yekha. Anati adzasankha wowerengayo chimanga chikadzalowa m'nkhokwe: aliyense adzaima pa Lachinayi, adzawerenga pamene wakhala akuwerenga, adzanena chimene wamvapo.

Ndinatseka maso n'kuziona. Bwalo lodzaza mabulauzi oyera, maduku oyera mbee, ndipo kutsogolo, pamene ndimaima ine poyambitsa nyimbo, paima mlamu wanga, buku lili m'manja. Kutsogolo n'kwanga. Ndakhala ndikuimako iye asanadziwe n'komwe kuti chitsime chili mbali iti.

Amayi abusa anatilangiza poyambira. Anati musathamangire buku lonse, yambani ndi Marko, ndi wamfupi, nkhani zake zimayenda. Pempherani kaye mawu ochepa, werengani kankhani kamodzi, bwerezani, tsekani buku, fotokozani ndi pakamwa panu ngati mukuuza mnzanu pachitsime. Ndinamva ndithu, makutu ndili nawo. Koma mumtima ndinati malangizo amenewa ndi a anthu ofooka.

Kwathu munda sitiyambira pakati. Umaima kumalire, umatenga mzere woyamba, umaufikitsa kumapeto, umabwerera ndi wachiwiri. Mzere ndi mzere, mzere ndi mzere. Wolumpha mizere ndi waulesi, ndi uja waganyu wonyenga amene amapalira m'mbali mwa njira pooneka, pakati udzu uli gwa. Amayi anga akakupeza walumpha mzere sankalankhula, ankangokugwira khutu n'kukubweza kumalire. Ndiye buku la Mulungu, lalikulu kuposa minda yonse, ndikalilowere pakati ngati ng'ombe yothyola mpanda? Ndinatsegula tsamba loyamba. Ndinati mlamu wanga adye timizere take tapakati, ine ndibwera ndi munda wonse.

Tinkakumana panjira ya kudimba.

"Alamu, mwafika pati?" ndinkamufunsa ine.

"Ndili panyanja, alamu. Mphepo yauka, Ambuye agona m'ngalawa."

"Mwafika panyanja musanaone pamene madzi analengedwa?"

"Amayi abusa anati tiyambire pamenepo."

"Amayi abusa anakulira m'tauni, khasu amaliona pachithunzi. Ine ndikuchokera kumalire. Ndikadzakupezani mudzaona udzu umene mwasiya m'mbuyo."

Ankangoseka, kubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Genesis anandikomera, ndisaname. Masana tikaweruka kumunda ndinkakhala pakhonde, mandala pamphuno, chala papepala, ndipo nkhani zimene ndinazimva ndi makutu kuyambira ubwana zinkatuluka pansi pa chala changa chimodzichimodzi ngati nsawa m'nthaka. Munda uja, njoka ija, chigumula chija. Ndinkawerenga mokweza mpaka nkhuku zinkaima. Pa mayina a anthu obalana, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu, lilime linkapindika, koma ndinkawaika m'nyimbo n'kudutsa. Ndinapeza abale ochitirana nsanje chifukwa cha malaya, akazi apachibale olimbirana mwamuna mmodzi, ndinati ee, anthu awa ndi a kwathu konkuno. Eksodo ndinamulowa chimanga chikumasula. Achule, udzudzu, nyanja kugawanika, ndinaimba. Kenako kunabwera miyeso ya chihema, nsalu zakuti, ngowe zakuti, mikono yakuti. Apo ndinayenda ngati ngolo m'matope a Febuluwale, koma sindinalumphe mzere.

Levitiko ndinamufika chimanga chitauma. Amuna anga ndi a kudambwe, a gule, m'tchalitchi amalowamo pa maliro pokha, ndipo Baibulo langa ankalitcha mkazi mnzawo. Tsiku lina ali pansi pa mango akusema goli la ng'ombe, ine ndikuwerenga za nsembe, ndinaona nkhwangwa yaima.

"Tabwerezani pamenepo, amake ana."

Ndinabwereza. Za mafuta okuta matumbo, za impso, za chiwindi.

"Amene analemba izi anasendapo mbuzi," anatero. "Akudziwa pamene pali mafuta. Buku lanuli ndayamba kulikonda."

"Si buku la nyama ili."

"Nanga mumatinena ife za magazi a nkhuku, suja inu mwadzaza tsamba lonse ndi magazi a ng'ombe? Pitirizani, ndimve ngati wansembe amapatsidwa mwendo."

Ndinapitiriza kuwerenga. Zambiri sindinkazimva, mutu unkazungulira. Koma chimodzi chinkanditenthetsa mtima ngati mbatata yootcha: izi mlamu wanga sakuzidziwa. Iye ali ndi tinkhani take todziwika ndi ana a Sande sukulu omwe. Zozama zili ndi ine.

Ndiye ndinafika pa mutu wa zakudya. Nkhumba, yodetsedwa. Ndinati chabwino, zimenezi ndinamvapo kwa a mipingo ina. Za m'madzi zopanda mamba, zodetsedwa. Ndinaganiza za mlamba, m'kamwa munachita malovu, ndinapitirira. Kenako chala changa chinaima pa mawu aafupi. Mbe-wa. Ndinavula mandala, ndinapukuta ndi chitenje, ndinavalanso. Mbewa. Yakhala pamenepo pakati pa abuluzi, yodetsedwa. Ndipo pansi pake panalembedwa kuti kanthu kotere kakafera mu chiwiya chadothi, chiwiyacho chiphwanyidwe.

Mukuganiza kuti ndinachita mantha? Ndinaimirira n'kuvina. Mbewa, ndiwo ya kwathu kuno ku Chadiza konse, imene abusa amadya, akulu a mpingo amadya, amayi abusa omwe anaphunzira kudya atafika kuno. Palibe anaionapo m'buku, chifukwa onse ndi olumpha mizere. Ndaipeza ine, wa kumalire, wa mzere ndi mzere. Ndinaona kale amayi pa Lachinayi atagwira pakamwa, ndinaona bwalo la ku Pembamoyo, ndinadziona ndekha kutsogolo.

Inali nyengo yake yeniyeni, minda itayera, utsi uli tolotolo m'mapesi. Amuna anga anali atakumba okha akapuku onona m'munda mwathu, ine ndinawawiritsa dzulo lake n'kuwayanika padenga la khola. Ndinawatsitsa onse n'kukhuthulira galu.

Amuna anga anayang'ana galu, anayang'ana ine.

"Amake ana, mwadwala?"

"Zalembedwa. N'zodetsedwa."

"Galu yekha ndiye wakhululukidwa?"

Ndinabwerera ku buku langa. Munthu amene wapeza chuma sakangana ndi odutsa.

Pasanathe masiku ambiri, m'mawa ndikuti nditunge madzi akumwa, ndinapeza buluzi ali chagada mumtsuko, atafa. Zimachitika. Umataya madzi, umakwecha ndi phulusa, umayanika padzuwa, nkhani yatha. Koma ine tsopano ndinali munthu wowerenga. Mtsuko umenewo anaumba mlamu wanga chaka chimene analowa m'banja mwathu, n'kundipatsa ine. M'khosi mwake munali timizere topingasa ta kwawo, timene kuno palibe amatha kulemba. Madzi ake ankazizira mpaka kugwira mano, ngakhale mu Okutobala. Alendo akamwa ankafunsa kuti woumba ndani, ndipo ine ndinkayankha motsitsa mawu.

Ndinausenza kupita nawo kuseri kwa nyumba. Ndinaukweza, phwaa. Dzanja silinanjenjemere. Mwina likananjenjemera akanakhala kuti woumba ndi wina. Ndinatola phale limodzi la m'khosi, la timizere tija, n'kulimanga pansonga ya chitenje kuti likakhale umboni.

Lachinayi losankha linafika. Mlamu wanga ndiye anayamba. Anawerenga za mayi uja wodwala nthenda yotaya magazi, amene anadzera kumbuyo kwa khamu n'kukhudza chovala cha Ambuye. Mawu aang'ono, koma osapunthwa, osabwerera, ngati madzi m'ngalande. Amayi abusa anamufunsa chimene wamvapo. Iye anati, "Mayiyu ankabisala kumbuyo, sankafuna kuoneka. Koma Ambuye anaima, anamufunafuna, anamutcha mwana wawo pamaso pa anthu onse. Ine kukhala kumbuyo kwa anthu osakudziwa ndikukudziwa." Amayi onse anati mmm. Mmm ameneyo anandilowa m'nthiti ngati minga ya mthethe.

Ndinaimirira ine. Ndinakonza mandala, ndinakonza kukhosi. Ndinawerenga ndi mawu anga a pamaliro, aja omveka kutsidya kwa dambo. Nkhumba ndinaitchula. Zopanda mamba ndinazitchula n'kuwonjeza kuti ndiye mlamba umenewo. Pa mbewa ndinaima kaye kuti ilowe bwino. Ndinamaliza ndi chiwiya chadothi, n'kumasula phale lija, n'kuliika patebulo, gwa.

"Ine sindingowerenga," ndinatero. "Ndimachita."

Kenako mayi wina wamasiye, amene amalera adzukulu ndi nkhumba zake, anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Ndiye nkhumba zanga ndizitani, ambuya? Ndizo zikuphunzitsa ana."

Wina kumbuyo anati, "Nanga ngumbi? Tauzeni tidziwiretu mvula isanagwe."

Ndinacheukira mlamu wanga. Maso ake anali pa phale. Timizere take anatidziwa.

Amayi abusa ndi mwana kwa ine, koma ali ndi kafunsidwe kofewa kamene kamakuvula nsapato usakudziwa. Anati, "Ambuya, mwawerenga bwino, palibe chilembo mwalumpha. Tsono tithandizeni. Akulankhula pamenepa ndani?"

"Mulungu."

"Zoona. Akuuza ndani?"

"Ife."

"Taonaninso pamwamba, poyambira mutuwo."

Ndinakweza chala. Panali Mose, panali Aroni, panali ana a Israeli.

"Anthu amenewa ali kuti pamene akuuzidwa izi?"

"M'chipululu. Ndawaperekeza ndekha kuchokera ku Ejipito."

"Nanga Ambuye Yesu atabwera, za zakudyazi ananenapo chiyani?"

Ndinayang'ana buku, ndinayang'ana kudenga kumene amayang'ana mlamu wanga, kunalibe kanthu.

"Sindinafikeko," ndinatero.

Amayi anaseka. Sikunali kuseka kwa chipongwe, kunali kuseka kwa anthu amene abwezeredwa ndiwo zawo, koma kwa ine zonse zinali chimodzimodzi. Amayi abusa anati malamulo amenewo ndi Mawu a Mulungu ndithu, anapatsidwa kwa mtundu umenewo kuti ukhale wopatulika pakati pa mitundu ina, ndipo kuti tidziwe m'mene akutifikira ife tiyenera kumva kaye chimene Ambuye Yesu anachita nawo. Anauza mayi wamasiye uja kuti apite akapatse nkhumba zake gaga. Kenako anati ku Pembamoyo akawerenga mlamu wanga.

Nyimbo yotsekera ndinayambitsa ine, monga mwa masiku onse. Ndinaiyambira pamwamba penipeni, pamene ndikudziwa kuti mawu a njiwa safikapo.

Masiku otsatira tinkamwa madzi a m'chigubu, ofunda, onunkha pulasitiki. Amuna anga akamwa ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Koma madzi opatulika awa, amake ana. Kungotsala masamba a tiyi." Baibulo ndinaliika pamwamba pa kabati. Levitiko ndi ine sitinkalankhulana.

Mlamu wanga anabwera masana ena ndi lichero la nsawa zosaswa, Baibulo lake lili pamwamba. Anakhala pamphasa ndisanamuuze kuti akhale. Anandikankhira nsawa, tinayamba kuswa.

"Alamu," anatero, "mtsuko uja unalakwa chiyani?"

"Munafera buluzi."

"Ndiye analakwa buluzi, wophedwa n'kukhala mtsuko."

"Zinalembedwa."

"Dothi lake ndinakatenga kudambo ndili ndi pakati pa mwana woyamba. Munandisenzetsa ndinu."

Ndinaswa nsawa ina mwamphamvu mpaka inathawira kwa nkhuku.

"Mwabwera kudzandiseka, alamu? Sekani mumalize, mupite mukachape bulauzi ya ku Pembamoyo."

"Ndabwera kuti mundimvere. Mawu anga ndi ochepa, mukudziwa ndinu. Ndikufuna mundiuze popumira." Kenako anati, "Koma ndikufunseni. Tsiku limene tinafika kuno ndi amayi anga, mukuganiza kuti ndinayambira nyumba ya kumalire kwa mudzi, kugogoda khomo ndi khomo mpaka kumapeto? Ndikanalumidwa ndi agalu. Ndinagwira nkhope imodzi, yanu. Ndinakutsatirani kuchitsime, kudimba, kumaliro. Inu ndiye munkandiuza kuti awa ndi akuti, nyumba iyi umalowa chotere. Mudzi wonse ndinaudziwira mwa inu. Bukuli ine ndaliyamba chimodzimodzi. Ndagwira nkhope imodzi."

Ndinafuna kumuyankha kuti buku si mudzi. Koma anali atanena yekha ndi pakamwa pake kuti mudzi anaudziwira mwa ine, ndipo mawu amenewo ndakhala ndikuwadikira zaka zambiri. Ndinapita kukatsitsa Baibulo pakabati.

Ananditsegulira mu Marko, pamene anthu ena ankatsutsa ophunzira a Ambuye chifukwa chodya osasamba m'manja mwa mwambo. Anati tipemphere kaye. Ndinayamba pemphero langa lalitali la pamaliro, iye anandigwira bondo, anati lalifupi, longopempha maso. Anati ndiwerenge ine. Ndinawerenga, ndikupunthwa, iye osandithandiza mpaka nditapempha. Anati tibwereze. Pobwereza ndinamva. Ambuye akuti cholowa m'kamwa sichidetsa munthu, chimapita m'mimba n'kutuluka. Chodetsa munthu n'chotuluka mumtima.

"Atate ake ana," ndinaitana kumango kuja, "mbewa zamasulidwa."

"Uzani galu," anayankha. "Ndiye anadya."

Mlamu wanga anati ndimalize kaye, nkhani sinathe. Panali mndandanda wa zotuluka mumtimazo. Kuba, kupha, chigololo, ndinkadutsa mosangalala, si zanga. Kenako chala changa chinafika pa za munthu woyang'ana mnzake ndi diso la kaduka. Pamenepo sindinapunthwe ngakhale pang'ono, mawuwo anatuluka osalala ngati ndinabadwa nawo. Ndinasuzumira pamwamba pa mandala. Mlamu wanga anali kalikiliki kuswa nsawa, maso pansi, koma nsonga ya chitenje inali itayamba kale ulendo wopita kukamwa.

"Mwasankha dala pamenepa," ndinatero.

"Ine ndinasankha za mbewa, alamu. Zinazo mwapeza nokha."

"Tsekani buku, ndifotokoze."

Ndinafotokoza ndi pakamwa panga, akulankhula ndani, akuuza ndani, chinayambitsa n'chiyani. Mbali ya kaduka ndinaifotokoza mwachidule.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera masana alionse ndi lichero lake. Ine ndinkamuphunzitsa kutulutsa mawu kuchokera m'mimba, kuima pamene mpweya ukufuna, kuyang'ana mayi wakumbuyo kwenikweni ngati ndiye ukumuuza. Ndinkamuimika kukhola, ine n'kukhala kumango, n'kumakuwa kuti sindikumva. Nthawi zina ndinkamva ndithu. Iye ankandiyendetsa mu Marko kuyambira poyamba pake, kankhani kamodzi patsiku, ndipo pamene sitinamve tonse tinkapinda kangodya ka tsamba kuti tikafunse Lachinayi. Vesi likandikomera ndinkaliika m'nyimbo, likalowa m'nyimbo silitulukanso. Apo pokha ndinkamuposa, ndipo ndinkaonetsetsa kuti wadziwa.

Ku Pembamoyo tinapita pangolo, mabulauzi titawakulunga m'mapepala kuopa fumbi. Bwalo linadzaza monga ndinalionera m'maso muja, loyera mbee. Nyimbo yolowera ndinayambitsa ine, ndipo inagwira, amayi a matchalitchi ena anatembenuka kufuna kuona mwini mawu. Kenako ndinakhala pansi, mlamu wanga n'kuimirira pamalo pomwe ndinachoka ine.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ananjenjemera, kuti buku linagwa, kuti anandiyang'ana kupempha thandizo. Ayi. Anawerenga nkhani yake ija ya mayi wokhudza chovala, ndipo mawu anafika mpaka kwa ogulitsa zitumbuwa kumsewu. Anapuma pamene ndinamuuza kuti azipuma. Mtima wanga unkawawa, ukuwawa ukunyada, ukunyada ukuwawa.

Koma Baibulo langa linali pamiyendo, lotsegula pomwepo. Chala changa chinanyamuka ndi mawu ake oyamba, chinayenda naye, iye akutchula ine ndikuona, iye akutchula ine ndikuona, mpaka vesi lomaliza tinafika limodzi. Zaka zonsezi Mawu ankandidutsa m'makutu ali m'manja mwa ena. Tsiku limenelo ndinawagwira akuyenda. Nthungululu imene ndinaimba atamaliza, mbalame zinathawa mumtengo.

Mayi wina wa ku boma amene anakhala pambali panga anandigwira mkono.

"Ndani ameneyu wowerenga bwino chonchi?"

"Mlamu wanga," ndinatero. "Chitsime ndinamuonetsa ndine. Popumira ponse mwamvapo ndi panga."

Marko ndinamumaliza mvula isanagwe. Mu Levitiko ndinasiyamo khoko la chimanga pa mutu wa zakudya uja, chifukwa munda umene ndinauyamba sindiusiya. Ndidzabwerera ndi amene akudziwa njira, ndipo amuna anga akudikira kumva ngati pamwamba pa mwendo uja wansembe anapatsidwanso china. Mlamu wanga ali kale mu Machitidwe, akuti kumeneko kuli nsalu yotsika kumwamba yodzaza nyama. Ndamuuza kuti asandiuze, ndikaona ndekha. Amayi abusa ndawafunsa za msonkhano wa chaka chamawa, ndani akawerenge. Anati tiona. Ndawauza kuti ine mandala ndili nawo kale.

Mtsuko mlamu wanga anandiumbira wina. Anabwera nawo yekha atasenza, timizere ta kwawo tili m'khosi, ndi kambale kovundikira pamwamba kuti abuluzi afere kwina. Madzi ake amagwira mano ngati oyamba aja. Tsiku lomwelo anaotcha iwiri, wina anakapereka kwa amayi abusa. Ndinapita kukauona, ndinati ndabwera kudzafunsa za vesi. Ndinauzungulira, ndinauyeza ndi maso, ndinaugogoda ndi chala. Wa amayi abusa ndi waukulu kuposa wanga.